Za M'matumba a Kaunjika

Belo likatsegulidwa pa Lizulu
anzanga amathamangira makolala ndi mazipi.
Ine ndimayamba ndi matumba.
Mumatuluka zambiri: chingamu chouma, malisiti ofufuma,
tsiku lina dzino la mwana lokulunga m'pepala.
Koma Lachitatu lija la nkhungu,
chaka chimene kabichi tinkadyetsa ng'ombe posowa wogula,
m'jekete lobiriwira munatuluka kakhadi.

Mnyamata wachipewa, chibonga paphewa
ngati wanyamula mpini woiwala khasu lake.
Kuseri manambala ang'onoang'ono m'mizere
ngati buku la ngongole la pagolosale.
Masewera akewo sindiwadziwa.
Aphunzitsi a Chimkwita anavala magalasi, anawerenga, nati:
uyu si katswiri ayi, ndi wa ligi yaing'ono,
mmodzi wa odikira kuitanidwa kumwamba.
Kumwamba kwa Mulungu? ndinafunsa.
Anaseka mpaka kutsokomola. Kwa matimu aakulu, iwe.

Ndiye ndinamusunga.

Lero alipo makumi anayi ndi atatu
m'chitini chimene munali mabisiketi a ukwati wathu.
Wina anapindika pakhosi penipeni,
wina anachapidwa pamodzi ndi buluku,
kunangotsala chipewa ndi mano.
Mayina awo amandipunthwitsa lilime
choncho ndinawatcha anga:
Wamanzere, Ndevuzachimanga, Saseka, Mlamu.

Edesi amati, anzako akuweta nkhuku,
iwe ukuweta anthu apepala osaikira mazira.
Koma chitinicho amachipukuta fumbi ndi iye yemwe.
Amadziwa chimene chili pansi pa makhadi.

Golovesi imodzi, ya kumanja,
chala chapakati chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Ya Fanuwelo, mng'ono wanga,
amene ankagwira pagolo zaka zisanu ndi chimodzi
m'timu yoyendera lole ya mbatatesi.
Dothi lofiira la bwalo la ku Tsangano likadali m'mizere yake.
Sindinachape. Sindidzachapa.
Ukainunkhiza mumamveka thukuta ndi utsi wa chiwaya.

Kunabwera bambo wina wa nsapato zosongoka,
anaima kuseri kwa golo theka lonse lachiwiri,
nati, mwana iwe uli ndi manja, ndibwera Loweruka.
Fanuwelo anameta, anabwereka chikwama.
Loweruka linadza, linapita, linadzanso,
mvula inagwa kanayi pa Loweruka limenelo
mpaka bondo linatopa kudikira, linathyoka lokha
pa mpira wopanda ndi chikho chomwe.
Golovesiyo ndinaitola kudzala, ili pamodzi ndi makoko a nthochi.
Inzake sindinaipeze.

Pano amapalasa kabaza,
kuwolotsa amayi ndi madengu kutsidya la msewu, ku Mozambiki.
Wailesi ikayamba za mpira amatuluka panja.

Iye palibe anamudindira khadi.
Ndinadula ndekha katoni ya sopo,
ndinamata chithunzi chotsala cha chitupa,
kuseri ndinalemba ndi bolopeni:
mapenate ogwira, khumi ndi limodzi;
mano otsala pabwalo, awiri;
malipiro, fanta ndi mpunga wa pamsika.
Ndinamuika pakati pa Saseka ndi Mlamu.
Akukwanamo bwinobwino.
Onse ayang'ana kumodzi, kuseri kwa wojambula,
kumene kumachokera munthu wa Loweruka.

Mwezi watha mnyamata wa ku Lilongwe
anawaunika ndi foni mmodzimmodzi
nati, onsewa pamodzi sangagule thumba la makala.
Atafika pa wa katoni ya sopo anaima.
Nanga uyu ndi wa timu yanji?
Ndinamulanda, ndinatseka chitini.

Mawa kukubwera belo lina, la majekete.
Kuzizira kwayamba, agulidwa msanga.
Ndidzuka nkhuku zisanatsike,
ndikapise m'matumba anthu asanadze,
mwina muli wina amene akudikirabe
ndi chibonga chake paphewa,
mumdima, pakati pa chingamu ndi malisiti.